Chigulugufe cha chigaza pamsana: kuyankha mayi a ku Limbuli

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Limbuli, ndipo andilola kuwayankhira pompano poti mwina alipo ena amene zinawaonekerapo. Akuti usiku wina magetsi atangobwera, pakhonde pawo panagwa chigulugufe chachikulu ngati chikhatho cha mwana, mapiko akuda, mimba ya mizere yachikasu. Mwana wawo atachigwira chinalira kuti tswii ngati mbewa, ndipo ataunika ndi foni anaona pamsana pake pali chithunzi cha chigaza cha munthu. Apongozi awo aakazi sanagone usiku umenewo, akuti awa ndi malodza. Mafunso awo ndi atatu: chinthuchi n'chiyani, ndi gulugufe kapena ayi, nanga chili ndi poizoni? Atumizanso chithunzi. N'chosawala bwino, koma chandikwanira.

Amayi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani mtendere. Chinthucho chilibe ululu. Sichiluma, chilibe mbola, ndipo fumbi lomwe linatsala m'zala za mwana wanu si poizoni ayi. Asambe m'manja basi. Miyendo yake ili ndi timinga tomwe timakanda pang'ono chikamaphiriphitha kuti chithawe, koma n'zomwezo. Kunena za malodza, pamenepo ndiponda mosamala. Apongozi ndi apongozi, ndipo sindikufuna mawa ndidzamve kuti munthu wa pa intaneti wayambanitsa anthu pakhomo. Chomwe ndingathe ndi kukuuzani dzina la mlendo wanuyo, mfunda wake, abale ake, ndi chimene anadzera kwanuko.

M'mabuku a sayansi dzina lake ndi Acherontia atropos. Kwawo n'konkuno ku Africa, ngakhale ena mwa iwo amawoloka nyanja ya Mediterranean kukafika ku Ulaya kumeneko kukatentha. Azungu nawonso ankamuopa ngati mmene achitira apongozi anumu, ndipo mantha awowo anawasiya m'dzinamo. Acheron ndi mtsinje wa kudziko la akufa m'nthano za Agiriki, pomwe Atropos ndi mayi wa m'nthano zomwezo amene ntchito yake inali kudula ulusi wa moyo wa munthu. Ndiye musadzione ngati otsalira. Ophunzira amene anapereka dzinali anaonanso chigaza chomwecho. Abale ake a mbumba imodzi ndi awiri okha, Acherontia styx ndi Acherontia lachesis, ndipo onse awiri amakhala ku Asia. Dzina loyambalo, Acherontia, lili ngati mfunda, mmene tinenera kuti a Phiri kapena a Mbewe. Lachiwirilo ndiye lakelake.

Tsono ndi gulugufe kapena ayi? Apa Chichewa chathu ndi sayansi zimadzera njira zosiyana, ndipo ine sindiona kuti ina ndi yolakwika. Ife timatchula kachilombo potengera chomwe kamatichita. Kakadya kholowa kapena chimanga ndi mbozi. Kakayabwa ndi chiyabwe. Kakakoma pa nsima ndi mphalabungu. Kakagwera pa koloboyi ndi kadziwotche, kakaboola jekete m'sutikesi ndi njenjete, kakamauluka masana pamaluwa ndi gulugufe. N'chifukwa chake cholengedwa chimodzi chimakhala ndi mayina awiri, la paubwana ndi la paukulu, ndipo ambiri sitilumikiza kuti chimbozi chomwe tinapha kudimba ndi mwana wa chigulugufe chomwe tikuchithawa pakhonde. Asayansi iwo safunsa kuti kamatichita chiyani. Amafunsa kuti ndi ka kwa yani.

Onsewa, a masana ndi a usiku omwe, amawaika m'fuko limodzi lotchedwa Lepidoptera. Mawuwa ndi a Chigiriki, kutanthauza mapiko a mamba. Fumbi lija ndi mamba, ang'onoang'ono kwambiri, osanjikizana ngati a chambo. Mawanga onse omwe mumaona pa phiko la gulugufe ndi mamba amenewa. Chigaza chijanso si fupa, si chipsera, si chojambula cha munthu. Ndi mamba otuwira pakati pa mamba akuda, ndi timadontho tiwiri takuda pomwe ife timati ndi maso. Mutapukuta ndi chala, chigazacho chifufutika. Maso athuwa ndi omwe amakonda kuona nkhope paliponse, ngakhale m'mitambo yokuta Sapitwa.

Mitundu yolembedwa m'fukoli ikuposa 150,000, ndipo agulugufe a masana ndi kagawo kochepa, pafupifupi mtundu umodzi pa khumi iliyonse. Otsalawo ndi omwe Chichewa chimangowati agulugufe a usiku kapena akadziwotche. Njira yachidule yowasiyanitsira ndi kuyang'ana tinyanga ta pamutu. Ta gulugufe wa masana timathera ndi kamutu ngati ka machesi. Ta enawa ayi: tina tili ngati ulusi, tina ngati nthenga ya nkhuku. Ndiye yankho ndi loti inde, ndi wa fuko la agulugufe, koma wa kuchigawo cha usiku.

Fukolo analigawa m'mabanja ambirimbiri, ndipo sindikuwerengerani onse. Mbozi zija zinatisakazira chimanga m'chaka cha 2017 mpaka boma kulengeza kuti kwagwa ngozi ndi ana a banja lina lotchedwa Noctuidae, tiagulugufe totuwa tosaoneka bwino tomwe palibe amene angatumize chithunzi chake. Mlendo wanuyo ndi wa banja la Sphingidae, ndipo banja limeneli ndi lomwe ndikufuna mulidziwe, chifukwa mukangolidziwa kamodzi mudzayamba kuliona paliponse, kuyambira m'munda wa mbatata mpaka pa babu la pa golosale.

Dzinali analikhazikitsa ndi Mfalansa wina, Pierre André Latreille, m'chaka cha 1802, ndipo lero mitundu yodziwika m'banjali ikuposa 1,400, yambiri ili m'mayiko otentha ngati lathuli. Linachokera ku chifaniziro chamwala cha ku Egypt chotchedwa Sphinx, chija cha thupi la mkango ndi mutu wa munthu. Mbozi ya banjali ukaiputa imadzutsa kutsogolo kwa thupi n'kupinda mutu, n'kungokhala duu, ndipo akale anaona ngati yakhala mmene chakhalira chifanizirocho. Angerezi iwo amawatchula ndi dzina la kabawi, poona liwiro lawo.

Choyamba kuyang'ana ndi thupi. Ndi lonenepa, lolimba, lodzaza pachifuwa n'kumka lisongoka kumchira ngati chinangwa chaching'ono. Pachifuwapo m'modzaza minofu yoyendetsa mapiko, n'chifukwa chake mwana wanu ayenera kuti anamva mphamvu m'dzanja. Mapiko akutsogolo ndi aatali, opyapyala, osongoka kunsonga. Akumbuyo ndi aafupi kwambiri, ndipo chikatera amabisika pansi pa akutsogolowo, moti chonsecho chimaoneka ngati mutu wa muvi kapena ndege ya nkhondo. Kawirikawiri utoto wowala umakhala ku mapiko obisikawo ndi pamimba. Mlendo wanuyo akapinda mapiko pa khungwa la mtengo simungamuone, koma akawatambasula chikasu chimatulukira mwadzidzidzi, ndipo mbalame yomwe imati ijomphe imayamba yadzidzimuka. Kunsi kwa mapiko kuli kaubweya kolimba ngati singano kochokera ku phiko lakumbuyo, komwe kamakola pa kangowe ka phiko lakutsogolo kuti awiriwo azikupiza ngati limodzi. Agulugufe a masana pafupifupi onse alibe kameneka.

Mapiko aang'ono pa thupi lolemera amafuna kukupiza mofulumira zedi, ndipo minofu yozizira singathe. Mukadzapeza chimodzi m'mawa wa chiperoni chili pakhoma chikunjenjemera mapiko osauluka, sikuti chikudwala. Chikuwotha moto wakewake. Chimanjenjemeretsa minofu mpaka chifuwa chitenthe, kenako n'kunyamuka kamodzi n'kamodzi, ngati minibasi yomwe imayamba yalira kaye pa siteji ya Chitakale.

Maso ndi aakulu, oyenera kachisisira. Tinyanga ndi tonenepa pang'ono, ndipo mwa ambiri timathera ndi kangowe. Koma chiwalo chomwe chimanditenga mtima ine ndi mlomo. Pansi pa mutu pali kachitamba kopindidwa ngati nkhata, ndipo chikafika pa duwa chimakatambasula n'kuyamba kuyamwa timadzi totsekemera, chili m'malere, osatera, mapiko akungoti mbuu. Ambiri amene amandiuza kuti aona choso chikumwa m'maluwa dzuwa litalowa amakhala kuti aona chimodzi mwa izi. Choso nthawi imeneyo chimakhala chitagona kale, komanso icho chimakonda kutera pa nthambi pomwa.

Banjali limagawidwanso patatu, ngakhale akatswiri ena masiku ano amawonjezera kagulu kachinayi kakang'ono. Gulu la Sphinginae ndi la zikuluzikulu, zambiri zotuwa kapena zakuda, ndipo muli eni malilime aatali kwambiri. Mlendo wanuyo ndi wa m'menemu. Gulu la Macroglossinae, dzina lotanthauza lilime lalikulu, ndi la zothamanga, zosalala, zina zobiriwira, zina zouluka masana. Gulu la Smerinthinae ndi la zaulesi pang'ono, mapiko a m'mphepete mokhotakhota ngati tsamba louma, ndipo zambiri mwa izo kachitamba kawo n'kakafupi kapena kosagwira ntchito n'komwe. Gulu lachitatuli sindilidalira pophunzitsa munthu woyamba, chifukwa limaswa pafupifupi lamulo lililonse lomwe ndangokuuzani.

Tsopano tiyeni kumunda, poti abale a mlendo wanuyo mwakhala mukukumana nawo chibadwire. Chimbozi chonenepa ngati chala chachikulu, chobiriwira kapena chofiirira, cha mizere yopendekeka m'mbali ndi kanyanga kumchira, chomwe chimamaliza kholowa n'kusiya ndowe ngati timibulu ta mbuzi, ndi mwana wa Agrius convolvuli. Kanyanga ka kumchirako ndiye chidindo cha banja lonse. Anthu amakaopa, amati ndi mbola, koma sikabaya ndipo kalibe ululu. Mbozi za banjali zilibenso ubweya woyabwa. Chimbozichi chikakhuta chimatsika n'kulowa m'dothi, n'kuvula khungu, n'kusanduka chinthu chofiirira chonyezimira, cholimba, chopanda miyendo. Amene anakumbapo mbatata anachionapo. Cha mtundu uwu chimakhala ndi kogwirira ngati ka kapu, ndipo m'kogwiriramo ndi momwe mukukulira lilime, poti n'lalitali kwambiri moti silingakwane m'thupi. Ife tili ana tinkachigwira kumutu n'kumachifunsa kuti kwanu n'kuti, icho n'kumapotokola mchira uku ndi uku, ife n'kumati chaloza ku Mozambique. Chomwe chimatulukamo ndi chigulugufe chotuwa ngati phulusa, koma mimba yake ya mizere yapinki ndi yakuda, lilime lake lalitali kuposa thupi lake lomwe.

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo tilinso ndi ena. Daphnis nerii ndi wobiriwira wa mawanga ngati yunifolomu ya asilikali, ndipo kwa ine ndiye wokongola kuposa onse obwera pa babu. Mbozi yake ili ndi mawanga awiri abuluu kuseri kwa mutu, omwe imawatuzula ngati maso ikaopsezedwa. Hippotion celerio ali ndi mzere wonga siliva pa phiko, ndipo mbozi zake zimadya masamba a koko ndi a mphesa. Ndiye pali Cephonodes hylas, yemwe alimi a khofi angamudziwe bwino chifukwa mbozi zake zimadya masamba a khofi. Ameneyu amauluka masana, ndipo mamba a pamapiko ake amayoyoka akangoyamba kuuluka, mapikowo n'kutsala oonekera ngati galasi. Ambiri amamuyesa chinjuchi chachikulu n'kumuthawa.

Pali banja lina lomwe anthu amalisokoneza ndi ili chifukwa cha kukula, ndipo ndi achibale ndithu, ngati ana a pachisuweni. Ndi la Saturniidae, komwe kumachokera mphalabungu zambiri zomwe timadya. Kusiyana kwake n'koonekeratu. A Saturniidae mapiko awo ndi otambalala, aakulu kuposa thupi, kawirikawiri okhala ndi mawanga ozungulira ngati maso a kadzidzi. Aamuna tinyanga tawo ndi nthenga zenizeni. Amauluka mopepesuka ngati tsamba la nthochi louma. Ndipo akakula sadyanso, poti alibe pakamwa pogwira ntchito. Amakhala ndi moyo masiku ochepa chabe, pogwiritsa ntchito mafuta omwe anasunga ali mbozi, kungoti akwatirane ndi kuikira mazira. Mukaona chachikulu cha maso pamapiko, n'cha kumeneko. Mukaona cha thupi ngati chipolopolo ndi mapiko ngati mpeni, n'cha Sphingidae.

Nkhani ya lilime ili ndi mbiri yomwe sinditopa kuifotokoza. M'chaka cha 1862 Charles Darwin analandira duwa lochokera ku Madagascar, Angraecum sesquipedale, lomwe timadzi take timakhala pansi pa kapaipi kotalika pafupifupi masentimita 30. Iye ananena kuti ku chilumbako kuyenera kuti kuli gulugufe wa usiku wa lilime lotalika chomwecho, apo ayi duwalo silikanabereka. Ena anamuseka. Darwin anamwalira mu 1882 asanachione. Mu 1903 Walter Rothschild ndi Karl Jordan analemba za chigulugufe cha ku Madagascar cha lilime lotero, n'kuchipatsa dzina loti praedicta, kutanthauza choloseredwa. Panapitanso zaka pafupifupi 90 anthu asanachione ndi maso chikumwa pa duwalo. Mbale wake wapafupi, Xanthopan morganii, amakhala kumtunda kuno ku Africa. Ndipo tisapite kutali: maluwa oyera a papaya omwe amanunkhira madzulo amaitana a banja lomweli, ndipo iwo ndi amene amanyamula mungu kuchoka ku papaya wamwamuna kupita ku wamkazi. Ndiye mbozi yomwe ikukudyerani kholowa ndi papaya yemwe mukugulitsa pa msika wa Limbuli zili pa akaunti imodzi. Ine sindinena kuti musaphe mbozi. Zikachuluka zitoleni ndi manja mupatse nkhuku. Koma kupopera mankhwala munda wonse chifukwa cha zimbozi zitatu ndimakuona ngati kuwononga ndalama.

Tibwerere kwa wachigaza uja, poti iye m'banja lakeli ndi wosiyana ndi anzake. Pomwe abale ake ali ndi malilime aatali opyapyala, lake ndi lalifupi, lonenepa, lolimba. Silopangidwira maluwa. Ndi loboolera zisa za njuchi. Chigulugufechi ndi mbala ya uchi. Chimalowa mu mng'oma usiku, n'kuboola phula, n'kumwa. Njuchi zolondera pakhomo zimalimbana nacho, koma khungu lake n'lolimba, mamba ake ndi ochindikala, ndipo ululu wa njuchi suchigwira msanga. Chikalowa mkati njuchi zambiri sizichilabadira, chifukwa fungo la thupi lake limafanana ndi la njuchi zomwe. Nthawi zina chimakhuta n'kulephera kutuluka, n'kufera momwemo, ndipo alimi a njuchi amapeza mtembo wake utamatidwa ndi phula. Kuzungulira phiri la Mulanje ming'oma ndi yambiri masiku ano. Ngati bambo a kunyumba kapena aneba ali ndi ming'oma chapafupi, musafunenso kwina chomwe mlendoyu anadzera. Babu la pakhonde linangomusokoneza njira.

Kulira kuja nakonso kuli ndi mwini wake. Tizilombo tambiri timalira pokhulitsa ziwalo, ngati mmene achitira nkhululu. Ichi chimalira ndi kukhosi: chimakoka mpweya n'kuutulutsa kudzera m'kachitamba kaja, ndipo kanyama kena kam'kamwa kamanjenjemera ngati lilime la wezulo. Chimalira chikagwidwa kapena chikaopsezedwa, ndipo mwaona nokha kuti zimagwira ntchito, poti ndikukhulupirira mwana wanu anachitaya pomwepo. Mapiko ake akatambasuka amafika masentimita 12 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ndi chimodzi mwa zolemera kwambiri mwa zomwe zimabwera pa magetsi kwathu kuno. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, akatswiri a ku Germany anamata tizipangizo ta wailesi pamsana pa zigulugufe za mtundu womwewu n'kumazitsata ndi kandege usiku, ndipo anapeza kuti zimasunga njira yowongoka kwa makilomita ambiri ngakhale mphepo ikuzikankhira kumbali.

Mbozi yake mwina munaionapo pa tomato, mabiringanya kapena mbatatesi. Ndi yaikulu kwambiri, yotalika ngati chala chapakati cha bambo n'kupitirirako, yachikasu kapena yobiriwira, ya mizere yabuluu yopendekeka yokumana pamsana, ngakhale ilipo ina yofiirira. Kanyanga kake ka kumchira n'kokhakhala, kopindika ngati kamchira ka nkhumba. Ukaigwira imakukuta nsagwada kuti tcheketcheke.

Chikadzabweranso, zimitsani babu la pakhonde kwa kanthawi, kapena chivundikireni ndi kapu, mulowetse pepala pansi, mukachisiye pa mtengo kuseri kwa nyumba. Eni ming'oma achepetse khomo la mng'oma kuti njuchi zizidutsa koma chigulugufe chonenepachi chizikanika. Ndipo ngati mukufuna kuti apongozi aone okha, popanda inu kutsutsana nawo, mukapeza chimbozi chija pa tomato chiikeni m'ndowa yakale. Pansi thirani dothi lofewa lokuya ngati chikhatho, muzichipatsa masamba atsopano a mbewu yomwe munachipezapo tsiku lililonse, pamwamba mumange kansalu ka neti yakutha. Chikasiya kudya n'kuyamba kuzungulirazungulira, chisiyeni chilowe m'dothi, ndipo musafukule. Ndowayo ikhale pamthunzi, muikemo kamtengo koti chidzakwerepo poumitsa mapiko. Nyengo yotentha pamapita masabata angapo, nyengo yozizira chimachedwerapo. Ntchito yosuzumira m'ndowamo m'mawa uliwonse muwapatse apongoziwo pamodzi ndi mdzukulu wawo uja.

Chithunzi chotsatira mudzaike bokosi la machesi pambali pake kuti ndione kukula, ndipo ngati n'kotheka mudzajambulenso cha kumimba.